Nyimbo Zathu Zinathera m'Zala za Alamu Anga

Inu owerenga, nkhani yangayi ndi ya kuzengereza. Ndinachedwetsa anzanga kujambula nyimbo za bandi yathu chifukwa chotanganidwa ndi kuyimba kumbali, ndipo pamene ndinati tsopano ndapeza mpata, nyimbozo zinali zitapita, mwini wake akadali moyo. Palibe anandilodza, palibe anandinamiza. Ndikulemba kuti wina amene ali ndi anzake oyimba nawo, kaya ntchito ina iliyonse yodalirana, asadzachite zimene ndinachita ine.

Ndinabadwira ku Amaveni, mu Kwekwe muno. Bambo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya mgodi, ndiye ife tinakula tikulankhula Chichewa m'nyumba, Chishona tikatuluka pageti. M'bandi tinalimo anthu anayi. Dzina lake sinditchula, ndipo maina a anzangawa ndasintha, ngakhale a ku Amaveni a imvi pang'ono atizindikira ndithu. Ine ndinali wa ng'oma. Josamu ndiye anali woyimba. Dube, Mndebele wathu wosalankhulalankhula, ankaliza gitala ya besi. Gitala yotsogolera inali m'manja mwa a Lameki, amene anakwatira achemwali anga, choncho kwa ine ndi alamu.

Tinkayimba roko, nyimbo zaphokoso zija za gitala yolira ngati ikuphedwa. Tinazitengera kwa akuluakulu ena amene ankayimba m'holo ya mowa ife tili ana, tikusuzumira pazenera mpaka mlonda kutithamangitsa. Pofika nthawi yathu anthu anali atatembenukira ku nyimbo zovina za sungura, moti ambiri ankatitcha anyamata amisala. Koma kumapeto kwa mwezi, anthu a pansi pa mgodi akalandira, holo inkadzaza. Munthu amene watha mwezi wonse akumva kulira kwa zitsulo pansi safuna nyimbo yomunyengerera. Ankavina ndi majombo awo, fumbi koboo, akukuwa mawu a Chichewa amene ena mwa iwo sankawamva n'komwe.

Chimene chinkatisiyanitsa ndi mabandi ena chinali gitala ya alamu. Iwo anaphunzira kuyimba pa banjo ya bambo awo, yachigubu cha mafuta, imene mdalayo anabwera nayo kuchokera kumudzi. Atagwira gitala yamagetsi sanalole kuphunzira mwatsopano. Anachotsa nsambo imodzi, zotsalazo n'kuzikunga monga mmene bambo awo ankakungira banjo ija, ndipo ankasinthanso makungidwe malinga ndi nyimbo. Dzina la kiyi sankadziwa ngakhale limodzi. Ankangong'ung'udza kukhosi, khutu lili pafupi ndi gitala, dzanja likupotoza mpaka nsambo igwirizane ndi zimene zili m'mutu mwawo. Oyimba gitala anzawo akaibwereka ankaigwira pang'ono n'kuibweza akupukusa mutu, amvekere iyi ndi gitala ya mfiti. Ife tinkangoseka, osaganiza n'komwe kuti chinthu chodziwa munthu mmodzi chili pangozi.

Analinso ndi khalidwe lina lovuta. Pakati pa nyimbo ankathamanga kapena kuchedwa mmene zawakondera, ndipo chizindikiro chawo chinali kukweza phewa lamanzere. Ine pokhala kumbuyo kwawo ndinkaliona phewalo n'kusintha nawo limodzi. Tsiku lina nditagona ndi malungo anayesa wa ng'oma wina, nyimbo zonse zinamwazika, anthu n'kuyamba kuponya zitsekerero za mabotolo. Kuyambira pamenepo alamu analumbira kuti popanda ine sakwera pasiteji. Kunena zoona, ndinkanyada nazo. Za kujambula sitinkazilabadira. Kaseti imodzi imene tinajambula m'holo inatafunidwa ndi wailesi, ife n'kuti palibe kanthu, eni ake tilipo.

Kenaka zinafika zaka zovuta zija zimene aliyense wa kuno akuzikumbuka. Mafakitale anayamba kutseka, anthu anabalalika, holo yathu ya mowa inasanduka tchalitchi. Bandi sinathe mokangana ayi. Palibe tsiku limene tinakhala pansi n'kunena kuti basi zathera pano. Aliyense anangoyamba kachinthu kake kapambali, akuti kongodikirira kuti zinthu zikhale bwino. Josamu anatembenuka mtima, anasamukira ku Gweru, ndipo mawu aja ankagwedeza malata a holo anayamba kutsogolera kwaya. Anatulutsa nyimbo zauzimu zimene mpaka lero amaziika m'makombi, maminibasi a kuno. Dube analowa bandi ya sungura yoyenda m'madera a alimi. Ine ndiye ndinali ngati mbuzi yodula chingwe. Wa ng'oma amafunidwa paliponse: Lachisanu ndi a sungura, Loweruka paukwati, Lamulungu kutchalitchi cha aliyense amene wandiitana. Pambuyo pake ndinayambitsa kagulu kangakanga ka maukwati, ine, wa kiyibodi ndi mayi wina woyimba. Ku Zvishavane, kumene anthu a mgodi amakonda maukwati apamwamba, tinatchuka.

Amene analibe kolowera anali alamu. Dube anayesa kuwatengera ku bandi ija ya sungura. Kumeneko anawapatsa gitala yokungidwa monga mmene aliyense amakungira, ndipo munthu amene ankapengetsa holo yonse anagwira nsambo ngati wangoyamba dzulo. Atati agwiritse yawo, anzawo analephera kuwatsatira. Anabwerako tsiku lomwelo. Ana awo anali pasukulu, choncho analowa ntchito pa kamgodi kena ka golide kunja kwa tauni, ntchito yoboola mwala ndi jekihama. Amene simunachionepo, ndi chitsulo cholemera chimene chimanjenjemera m'manja tsiku lonse, ndipo kulira kwake kumamveka mpaka m'mano. Zotseka m'makutu ankapatsidwa mwa apo ndi apo. Gitala ankaigwira akaweruka basi, pakhonde, osailumikiza kumagetsi.

Zinayenda choncho zaka ndithu. Lamulungu lina masana alamu anabwera kunyumba kwanga, n'kundipeza ndikulongedza ng'oma. Anatambasula manja kuti ndione. Nsonga za zala zinali zotuwa ngati aziviika mu ufa. Anandiuza kuti m'mawa kukazizira zalazo sazimva, ndipo asanagwire gitala amayamba aziviika m'madzi ofunda. Kuchipatala anali atawauza kuti n'chifukwa cha chitsulo chija, ndipo akapitiriza zidzingoipiraipira.

"Alamu, zala zikundithawa izi," anatero. "Tiyeni tijambule nyimbo zathu zisanapite. Sindikufuna kutchuka ayi. Ndikungofuna ana adzamve kuti bambo awo sanali woboola miyala chabe."

Anali atayenda kale kwa enawo. Josamu anavomera, bola tisinthe mawu m'nyimbo zotamanda mowa. Dube anangogwedeza mutu monga mwa chikhalidwe chake. Situdiyo inapezeka ku Gweru, kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu wa kutchalitchi kwa Josamu, amene anati atijambula mwaulere Loweruka lililonse limene tingasankhe, poti masiku ena amakhala kuntchito. Wotsala ndinali ine. Ndinavomera msangamsanga, n'kuwalangizanso alamu kuti asiye jekihamayo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti nanga ana adya chiyani.

Vuto linali Loweruka. Kwa munthu wa maukwati, Loweruka ndiye munda. Ndinapempha kuti tidikire nyengo ya thonje ithe, chifukwa bandi ina inali itanditenga kukazungulira ku Gokwe, kumene alimi akagulitsa thonje amafuna kuvina mpaka nsapato kutha. Dube nayenso anali ndi ulendo wotero, koma iye anauza abwana ake kuti Loweruka limene tidzasankhe adzapeze wina. Ine sindinatero. Thonje litatha kunabwera maukwati a m'chilimwe. Atatha amenewo inafika Disembala, ndipo wa ng'oma wokana ntchito mu Disembala ndiye kuti akudwala. Nthawi iliyonse ndinkawaimbira alamu foni ndi mawu amodzimodzi, akuti mwezi wamawa ndithu. Iwo sankakwiya. Ankangoti chabwino alamu, tidikira. Mumtima ndinkati akukokomeza, munthu amene wagwira gitala kuyambira ali mwana sangaiwale. Sindinamvetse kuti nkhani sinali ya kuiwala.

Chenjezo linabwera ndithu, sindinganame. Paukwati wina ku Zvishavane, mdala wina amene kale ankagwira ntchito ku Kwekwe anandizindikira. Anabwera kutsogolo akukuwa dzina la bandi yathu, n'kupempha nyimbo yathu yotchuka, ya mayi wodikira mwamuna wake pageti la mgodi. Ndinamung'ung'udzira wa kiyibodi wanga mayendedwe ake, iye n'kuiyimba bwinobwino monga ndinamuuzira. Mdala uja anali atakweza kale mwendo kuti avine. Anamvetsera pang'ono, anautsitsa, n'kunena m'Chishona kuti aiwa, handiyo, ayi si imeneyo. Anabwerera kumpando wake. Ine ndinangoseka n'kuuza anzanga kuti mkuluyu waledzera.

Amene anandilankhula mosapsatira anali achemwali. Ananditsekereza pamsika wa ku Amaveni, pakati pa anthu, dengu la matimati lili pamutu.

"Iwe, dzulo alamu ako agwira chivundikiro cha poto chotentha mpaka khungu kununkha, osamva kanthu. Ndikamawaitana ndili kukhitchini sakutembenuka. Ukudikira chiyani, kuti manjawo aduke?"

Ndinawayankha mwamwano, inu owerenga, ndipo manyazi ake ndikadali nawo. Ndinati aliyense ali ndi banja lake lodyetsa, ngati akufulumira apeze wa ng'oma wina, mu Kwekwe muno adzaza. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti alamu sangayimbe ndi wina. Josamu anayesadi kuwanyengerera kuti ajambule ndi ng'oma za pakompyuta, iwo anakana, amvekere kompyuta ilibe maso oonera phewa. Mawu a achemwali akuti sakutembenuka ndinawamva, koma sindinawaike kumtima. Ndinkangoganiza za zala, za makutu ayi.

Chaka chinatha, china n'kufika pakati. Mpata umene ndinkaunena uja unapezeka osati chifukwa ndinaufuna, koma chifukwa ukwati wina unalephereka, akuti akuchikazi anakweza malowolo zinthu zitakonzeka kale. Ndinaimba foni modzitama ngati ndikuwachitira chifundo. Munali mu Juni, kukuzizira koopsa, nyengo yoipitsitsa kwa zala zotero, ndipo ngakhale zimenezo sizinandibwerere m'mutu.

Tinakwera kombi ya m'mawa kupita ku Gweru, alamu atakumbatira gitala yawo, botolo la madzi otentha lili m'thumba la jekete kuti azifunditsira manja. Anali osangalala ngati mwana wopita kutauni. Kusitudiyo tinapeza Josamu ali m'suti, atanenepa, ndipo tinasekana za mimba ndi madazi. Kwa kanthawi zinali ngati kale.

Alamu anayamba kukunga gitala. Kale inali ntchito yosachedwa. Tsiku limenelo anapotoza, kung'ung'udza, kupotozanso, khutu atalikanikiza pathabwa la gitala. Atamaliza analiza nsambo zonse pamodzi n'kutiyang'ana akumwetulira. Abale inu, gitalayo inali yosokonekera moti ngakhale mwana akanamva. Nsambo zing'onozing'ono zinali kutali ndi zinzake. Dube anayang'ana pansi. Josamu anayamba kupukuta magalasi ake. Palibe mmodzi wa ife akanawathandiza, chifukwa palibe ankadziwa kuti nsambo iliyonse imayenera kufika pati. Tinkangodziwa kuti pamene yafikapo si pamenepo.

Tinayesabe. Ndinagunditsa timitengo, tinalowa nyimbo ija ya mayi wa pageti la mgodi. Phewa linakwera pamalo ake, ine n'kusintha nalo bwinobwino, koma zala zinkafika mochedwa, zina n'kugwera pambali. Alamu ankakanikiza mwamphamvu poti sankamva ngati nsambo yagwidwa. Tili pakati, mwini situdiyo anaimitsa makina n'kuloza. Nsambo yaing'ono inali itacheka chala chapakati, magazi akutsika pathabwa, alamuwo osadziwa. Anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali, n'kuchipukuta pabuluku. Anati tiyambirenso. Tinayambiranso kangapo, ndipo ulendo uliwonse zinkangoipirabe.

Masana Josamu anaitana bambo wina woyimba gitala kutchalitchi kwawo, katswiri ndithu, waulemu wake. Maganizo anali akuti alamu amuonetse makungidwe ndi mayendedwe a zala, iye ayimbe m'malo mwawo. Alamu anavomera. Anang'ung'udza nsambo iliyonse, bamboyo n'kumatsatira, koma mawu otuluka kukhosi kwawo ankasintha ulendo uliwonse chifukwa sankadzimva bwino. Pomaliza bamboyo anapepesa, anatenga gitala yakeyake, ife atatu n'kumuyimbira nyimbo ija ndi pakamwa mmene tinkakumbukira. Anagwira msanga. Tinajambula zida zonse mpaka kumapeto, zosalala, zopanda cholakwa, alamu atakhala panja kuwotha dzuwa.

Josamu asanaikemo mawu, tinawaitana kuti adzamve. Anakoka mpando n'kuika khutu pasipika penipeni. Anamvetsera yonse osagwedezeka. Itatha anatembenukira kwa Josamu.

"Yabwino. Ndi ya bandi ya kutchalitchi kwanu imeneyi?"

Sankanyoza ayi, alamu si munthu wonyoza. Anafunsa ndi mtima wonse. Mwina makutu ndiwo anawanamiza, mwina nyimboyo inalidi itasanduka ya eni, ine sindidziwa. M'kombi yobwerera ku Kwekwe ine ndi alamu tinakhala mpando umodzi, ndipo ulendo wonse ine ndinkayang'ana pazenera.

Ntchito ya mgodi inawathera alamu patapita miyezi yochepa, poti sankamvanso ngakhale belu lochenjeza. Pano amathandiza achemwali kugulitsa pamsika. Josamu akupitiriza ndi nyimbo zake zauzimu, Dube anayambitsa bandi yakeyake ya sungura, ine maukwati sanandithere. Aliyense wa ife atatu ali ndi nyimbo zojambula ndi anthu ena, zina zabwino ndithu, koma za bandi imene inatipanga kukhala oyimba palibe ngakhale imodzi. Gitala ija ndinaibwerekapo kuti ndikafufuze makungidwe ake ndi anthu odziwa. Tinalephera. Zaka zonse zija ndinkakhala kumbuyo kwawo, manja awo sindinawayang'anitsitsepo.

Inu owerenga, makamaka oyimba anzanga a ku Kwekwe, Gweru, Zvishavane ndi kwina konse, sindikunena kuti kuyimba kumbali n'kulakwa. Ana sadya kutchuka kwa kale. Koma dziwani kuti m'gulu lililonse muli wina amene alibe kumbali kopita, amene luso lake limakhala ndi moyo pokhapokha inu mulipo. Ameneyo akakupemphani Loweruka limodzi, mpatseni la sabata yomweyo. Musadikire situdiyo kapena nyengo yabwino. Foni imene ndinkawaimbira alamu kuti mwezi wamawa ikanatha kutijambula pakhonde, tsiku lomwelo limene anabwera kudzandionetsa zala, koma tonse maso anali pa situdiyo. Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma kwa ife amene anavulala si wozengerezayo. Ndipo ngati m'bale wanu amagwira chitsulo chonjenjemera pansi pa mgodi, akanena kuti zala zayamba dzanzi, mukhulupirireni tsiku lomwelo.

Alamu sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi, ndipo zikanandipepukira akanandilalatira. Ndikapita kukawaona Lamulungu amandilandira ndi manja awiri, amandipatsa mpando wawo, n'kufunsa mokondwa kuti dzulo ukwati unayenda bwanji, kodi anthu anavina. Poti samva bwino, kuyankha motsitsa mawu sikutheka. Ndimayenera kukuwa, achemwali ali pakhomo akundiyang'ana, aneba onse akumva, kuti unayenda bwino alamu, anavina kwambiri.